Mwasamukira ku Mulanje ndipo mumakonda kuwedza? Nazi njira zolowera pakati pa eni mtsinje

Ndinakulira ku Nkhotakota, kumene mwana amadziwa fungo la usipa asanadziwe kulemba dzina lake. Ntchito ya uphunzitsi itanditumiza ku Mulanje, pasukulu ina ya kufupi ndi mtsinje wa Ruo, ndinanyamula mbedza zanga m'kachitini ndili ndi mtima woti madzi ndi madzi, paliponse ndikawedza. Sabata yachiwiri ndinatsikira kumtsinje ndekha m'mamawa. Ndinaona mono womangirira ku muzu wa mtengo, ndipo poti kalukidwe kake kanali kosiyana ndi ka kwathu, ndinauvuula kuti ndiuyang'ane bwino, kenako n'kuubwezera. Sindinatengemo ngakhale kansomba kamodzi. Koma mnyamata wina amene ankamweta udzu m'mbali mwa dimba anandiona, ndipo pomwe dzuwa limalowa mudzi wonse unali utamva kuti aphunzitsi atsopano aja amaonjola miono ya eni. Panapita miyezi kuti mbiri imeneyo izilale, ndipo zinandiwawa kwambiri, chifukwa anthu amene ankandikayikirawo ndi omwewo amene ndinkaphunzitsa ana awo.

Ndikulembera inu amene mwabwera kumene kuno: aphunzitsi anzanga, azaumoyo, ogwira ntchito m'maesiteti a tiyi, akamwini amene mwangomanga kumene kuchikamwini, ndi inu a ku Blantyre amene mumabwera Loweruka ndi ndodo zokongola zogula m'sitolo. Mitsinje ya kuno, Ruo, Thuchila, Lichenya, Likhubula, Muloza, imaoneka ngati yopanda mwini. Ili ndi eni, ndipo njira yofikira ku nsomba imadzera pakhomo pawo.

Choyamba: mbedza zikhale kaye m'nyumba

Masabata awiri kapena atatu oyamba musatsikire kumtsinje ndi mbedza. Pemphani munthu amene anakulandirani, kaya ndi mwini nyumba imene mukuchita lendi, apongozi, kapena mnzanu wa kuntchito wa m'mudzi momwemo, kuti akuperekezeni kwa anyakwawa. Musapite nokha, ndipo musayambe ndi nkhani ya nsomba. Khalani pansi pamene akulozerani, dikirani kuti akulonjereni, nenani kwanu, chimene mwadzera ndi kumene mukugona. Nkhani ya kuwedza ibwere kumapeto, ngati pempho: "Amfumu, ine kwathu ndinazolowera kuponya mbedza. Ndati ndimve kwa inu ngati mlendo amaloledwa, ndi malo amene sindiyenera kupondako."

Kawirikawiri amfumu amangoseka n'kunena kuti mtsinje ndi wa Mulungu. Musatenge mawuwo ngati chilolezo choponda paliponse. Chimene mwapindula ndi chakuti tsiku limene wina adzakanene kuti waona munthu wachilendo kudziwe, amfumu adzayankha kuti akukudziwani. Kaphukusi ka shuga kapena mchere m'manja sikolakwika. Ndalama zambiri ndiye ayi, chifukwa mukatero mwasandutsa ulemu kukhala malonda, ndipo mwaikira mtengo alendo onse obwera pambuyo panu.

Chachiwiri: yendani m'mbali mwa mtsinje muli chimanjamanja

Apa m'pamene ambiri timapunthwira, choncho ndichedwapo.

Kunyanja gombe ndi lalikulu, aliyense amapeza pokhala. Kuno malo ndi ochepa. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 680,000 m'boma la Mulanje ndi oposa 720,000 ku Thyolo, pamene nthaka yambiri yabwino ili pansi pa tiyi. Choncho palibe kachigawo ka m'mphepete mwa mtsinje kopanda ntchito. Apa pali dimba la mpiru ndi tomato, apo pali mizimbe, uko nthochi, ndipo kanjira kamene mukuona ngati ka aliyense kangakhale malire a minda ya anthu awiri amene akhala akukanganirana mzere umodzi kwa zaka. Yendani m'kanjira kopondedwa kale. Musadule njira m'dimba ngakhale mutaona dziwe labwino pafupi, ndipo musathyole mzimbe kapena kutola peyala logwa musanapemphe.

Mukamayenda, dziwani zinthu zinayi. Doko la amayi, pamene amasamba ndi kuchapa. Doko la abambo. Pamene anthu amatunga madzi akumwa, pomwe nthawi zambiri pamakhala kumtunda kwa madoko awiriwo. Ndi pamene patcheredwa miono. Mukamayandikira posambira, imani patali n'kufuula kuti, "Odi kumadziko!" Mukamva "Dikirani!" dikiranidi, mutatembenukira kwina, mpaka akuuzeni kuti dutsani. Mwamuna wachilendo wopezeka atakhala phee m'tchire pafupi ndi doko la amayi, ngakhale ali ndi mbedza m'manja, palibe amene adzamukhulupirire kuti amawedza.

Za miono ndanena kale zimene zinandionekera. Mono wotcheredwa uli ngati nkhokwe ya munthu. Osaukhudza, osauyang'anamo, osaponya mbedza pakamwa pake. Chimodzimodzi zingwe za mbedza zogonera, zimene amazimangirira ku bango madzulo kuti mlamba udzakodwe usiku. Mukaona timitengo tozikika mondondozana m'madzi osaya, dziwani kuti ndi mpanda wolondolera nsomba ku mono, ndipo alipo amene anathera tsiku lonse akuumanga.

Palinso malo amene anthu amawalemekeza pa zifukwa za makolo. Aliyense amadziwa za Dziwe la Nkhalamba ku Likhubula ndi nkhani za mizimu ya m'phiri, ndipo dzina loti Sapitwa, nsonga ya mamita 3,002 ija, likunena lokha. Koma midzi yambiri ili ndi kadziwe kake kamene alendo sanakamvepo, mwina pafupi ndi manda, mwina pamene panamira munthu. Akakuuzani kuti apo sitiwedzapo, musafunse umboni ndipo musatsutse, kaya chikhulupiriro chanu chikuti bwanji. Nthawi zambiri malo oterowo amakhalanso akuya, a miyala yoterera, ndipo ndi momwe nsomba zimabisala n'kuswana.

Chachitatu: pezani mkulu mmodzi woti akutsogolereni

Mudzi uliwonse wa m'mbali mwa mtsinje uli ndi munthu amene aliyense amamutchula nkhani ya nsomba ikabuka. Funsani ana asukulu, akuuzani msanga. Pitani kwawo masana, osati kumtsinje. Ngati ndi wamkulu msinkhu wa bambo anu, ndi "bambo" kapena "amalume". Ngati ndi wokalamba, "agogo" kapena "anganga" monga ambiri amanenera kuno. Wa msinkhu wanu ndi "achimwene". Ambiri mwa akuluakuluwa ndi Alhomwe, ena Amang'anja ndi Ayao, ndipo mukawapempha kuti akuphunzitseni moni wa chilankhulo cha makolo awo, n'kumawalonjera nawo mawa lake, mudzaona nkhope zikumasuka.

Amene ananditsogolera ine anali agogo ena a kumapeto kwa mudzi, omwewo eni mono ndinavuula uja. Mphunzitsi wamkulu anandiperekeza kukapepesa. Tinawapeza pansi pa mtengo wa mango akung'amba nsungwi ndi kampeni kakang'ono kotha mbali imodzi. Sanadzutse mutu. Anamvetsera zonse, kenako anandipatsa nsungwi imodzi n'kunena kuti, "Aphunzitsi, tapalani iyi. Mukufuna kuona mono, muuone kuyambira pano." Ndinakhala pamenepo mpaka madzulo. Ndinaona mmene amalukira kakhomo kam'kati, kopanikiza ngati fanulo, nsonga zake zoloza m'kati kuti nsomba ilowe mosavuta koma ikafuna kutuluka zizibaya. Ndinaona mmene amaumbira gaga wonyowa kukhala mpira wolimba, n'kuuyanika pang'ono pamoto kuti usasungunuke msanga m'madzi. Tsiku limenelo sitinatchule za kupita kumtsinje. Anadzandiitana okha patapita masabata atatu.

Popita kwa munthu wotere, tengani mbedza zingapo zazing'ono ndi nayiloni. Kumudzi zimenezi zimasowa, ndipo ndi mphatso ya msodzi kwa msodzi mnzake. Musamulembe ganyu tsiku loyamba. Mukamulipira kuti akuonetseni malo, adzakuonetsani malo a alendo, osati ake.

Ndipo sungani pakamwa za kwanu. Ife a kunyanja tili ndi chizolowezi chonena kuti izi si nsomba, nsomba ndi chambo ndi kampango. Munthu amene wakhala m'madzi ozizira kuyambira tambala woyamba kuti apeze matemba odzaza kambale sakufuna kumva zimenezo. Matembawo ndiwo ndiwo za ana ake lero.

Chachinayi: zida zikhale zofanana ndi za anzanu

Ulendo woyamba siyani ndodo ya m'sitolo ija. Dulani kansungwi kowongoka kotalika mamita awiri kapena atatu, mangani nayiloni kunsonga, choyandama chikhale kachidutswa ka patapata wakutha, cholemetsa kanati kakang'ono. Mbedza zikhale zazing'ono, chifukwa nsomba zambiri za m'mitsinje ya kumtunda kuno n'za pakamwa pang'ono. Kumbukirani kuti nambala ya mbedza ikamakwera, mbedzayo imachepa. Nyambo ndi nyongolotsi zokumba m'dothi lonyowa la pansi pa nthochi, ziwala, ngumbi nthawi ya mvula zoyamba, kapena nsima yotsala yoikanda bwino. Mlamba umakonda zonunkha, monga matumbo a nkhuku. Pokumba nyongolotsi pemphani mwini nthochizo, ndipo kwirirani dzenje mukatha.

Ndodo yanu yamakono idzatuluka nthawi yake ikakwana, anzanu atakuzolowerani, ndipo tsikulo muwalole aigwire n'kuponyako.

Chachisanu: khalidwe la pamadzi

Mukapeza munthu wakhala kale padziwe, dziwelo ndi lake mpaka achoke. Lonjerani motsitsa mawu, muli chapatali, mthunzi wanu usagwere m'madzi. Funso lake ndi loti, "Zikudya, achimwene?" Yankho limakhala "pang'onopang'ono" ngakhale chigubu chitadzaza, ndipo inu mulandire yankho lomwelo. Osasuzumira m'chigubu kapena m'thumba la munthu, osawerenga nsomba zake. Ena sakonda n'komwe kufunsidwa kumene akupita akamatsikira kumtsinje, amati zimathawitsa mwayi, ndipo ena salola kuti munthu alumphe ndodo yawo ili pansi. Zungulirani, sizikutayitsani kanthu.

Akakuuzani kuti khalani pompa, khalani kumunsi kwake, patali moti zingwe zisakolane. Foni ikhale chete. Wailesi ndi mowa zisiyeni kunyumba. Mbedza ikakodwa pa muzu, dulani chingwe. Musatume mwana kuti adumphire m'madzi kukaikola, ngakhale atadzipereka yekha. Ana adzakutsatirani ndithu. Nthawi ya sukulu abwezeni, Loweruka aloleni akhale pambali panu, muwaphunzitse kumanga mfundo.

Zithunzi nazo zimadanitsa. Musajambule munthu, miono yake kapena amayi ali padoko musanapemphe, ndipo musaike pa Facebook chithunzi choonetsa bwinobwino pamene pali dziwe labwino. Sabata yotsatira padzafika galimoto ya anthu osawadziwa, ndipo mudzi udzadziwa amene anawaitana.

Nyenyeswa za nayiloni, mapepala a pulasitiki ndi mbedza zothyoka bwererani nazo. Mumtsinje womwewo ana amayendamo opanda nsapato, ndipo abakha ndi mbuzi zimamwa momwemo.

Chachisanu ndi chimodzi: madzi amene ali ndi mwini wolembedwa

Si madzi onse amene ali m'manja mwa mudzi. Madamu a m'maesiteti a tiyi, ku Mulanje kuno ndi ku Thyolo, ndi a kampani. Ena mwa iwo anaikamo nsomba zochokera kunja zotchedwa bass, ndipo n'zimene zimakopa owedza a m'tauni. Kumeneko chilolezo chimachokera ku ofesi ya esiteti, osati kwa mlonda wa pageti. Musamunyengerere mlonda ndi kangachepe, chifukwa zikadziwika inu mudzangouzidwa kuti chokani, iye ndiye adzataya ntchito. Ndipo ngati mwapatsidwa chilolezo chifukwa cha udindo wanu, kumbukirani kuti anzanu a m'mudzi amaliona damu lomwelo tsiku ndi tsiku koma saloledwa kuponyamo mbedza. Nkhani ya malo pakati pa midzi ndi maesiteti ndi bala lakale kuno. Musakadzitame kumudzi ndi nsomba za kudamu. Ngati chilolezo chikulola kutenga mnzanu, tengani mkulu wanu uja.

Maiwe okumba a alimi a nsomba ndi munda ngati munda wina uliwonse. Makumba ndi chilunguni zili mmenemo mwini wake anagula mbewu, amazidyetsa gaga, ndipo akuwerengera miyezi kuti akolole. Mukafuna, gulani tsiku lokolola.

Mitsinje ya m'phiri ili m'nkhalango yotetezedwa ndi boma kuyambira 1927. Azungu a nthawi ya atsamunda anaikamo nsomba zotchedwa trout m'timitsinje tozizira ta pamwamba, monga anachitiranso ku Zomba. Musanakwere ndi mbedza, yambani mwafika ku ofesi ya zankhalango ku Likhubula. Pitaninso ku ofesi ya zausodzi paboma mukafunse ngati mtundu wa usodzi mukufunawo ukufunika chiphaso. Ulendo umodzi womwewo mudzadziwana ndi alangizi amene amayendera alimi a nsomba m'dera lanu.

Kenako pali malire a dziko. Mbali yaikulu ya Ruo ndiyo malire a Malawi ndi Mozambique, ndipo ku Muloza tsidya linalo ndi Milange. Eni mudzi amawoloka tsiku ndi tsiku, ali ndi abale ndi minda kutsidya, ndipo amadziwika. Inu simudziwika. Wedzani muli tsidya lino.

Mukadzafuna kupita ku nyanja ya Chilwa kudzera ku Phalombe, komwe kumachokera matemba ambiri ouma a m'misika ya Chitakale, Nkando ndi Limbuli, dziwani kuti kumeneko kuli makomiti a m'madoko ndi nyengo yotseka usodzi m'miyezi ya mvula, pamene nsomba zikuswana. Kaonekereni kwa komiti musanalowe m'bwato.

Chachisanu ndi chiwiri: nsomba mwaphazo

Tsiku loyamba limene mwapha zooneka, musapite nazo zonse kwanu. Patulani zabwino mupatse amene anakutsogolerani, ndipo ngati mwadutsa m'dimba la munthu, musiyireniko ziwiri zitatu. Nkhalamba imene mwakumana nayo panjira ikati "mwatipherako ndiwo, mwanangu", musapitirire osatsegula thumba. Zimenezi zimabwerera: tsiku lina mudzapeza phava la nthochi kapena chinanazi pakhonde panu osadziwa wabweretsa.

Koma funsani musanapereke mlamba. Dera lino, makamaka cha ku Thyolo kumene kuli mishoni ya Malamulo ku Makwasa kuyambira 1902, kuli a Seventh-day Adventist ambiri, ndipo iwo sadya nsomba zopanda mamba potsata Levitiko 11. Nkhanu nazonso sadya. Munthu wotere musamuitanirenso kumtsinje Loweruka, ndi Sabata lake. Kungofunsa kuti "Kodi mlamba mumadya kwanu kuno?" kumakupulumutsani ku manyazi.

Owedza ena a m'tauni amagwira nsomba, kuijambula, n'kuibwezera m'madzi. Pamaso pa munthu amene kwawo agona ndi masamba okhaokha, zimenezo zimaoneka ngati kusewera ndi chakudya. Ngati simukuifuna nsomba yaikulu, mpatseni mnzanu. Zobwezera m'madzi ndi tiana, ndi make amene ali ndi mazira kapena ana. Makumba aakazi amasunga mazira ndi tiana m'kamwa. Mukakola wotere n'kuona tinthu tikutuluka m'kamwa mwake, muonetseni mnzanuyo, mubwezere msanga. Asodzi akuluakulu amazidziwa bwino zimenezi, ndipo adzakulemekezani poona kuti nanunso mukuzidziwa.

Ngati muli pamalipiro a mwezi, musagulitse nsomba m'mudzi. Mukulanda msika wa munthu amene alibe kwina kopezera ya sopo. Ndipo musanyamule nsomba zamoyo kuchoka ku damu kapena mtsinje wina kukaziponya kwina. Mathithi a Zoa pa Ruo akhala akutchinga nsomba za kumunsi, za ku Shire, kuti zisakwere, n'chifukwa chake nsomba za kumtunda kuno n'zosiyana ndi za ku Chiromo. Ndowa imodzi ya nsomba zachilendo ingathe kuononga zimene mathithiwo asunga kuyambira kalekale.

Chachisanu ndi chitatu: tsiku limene adzakuitanirani ku katupe

Lidzafika, makamaka m'chilimwe, mu September ndi October, madzi ataphwa n'kutsala m'maiwe. Anthu ena amasinja katupe, chomera chopha nsomba, n'kuthira m'dziwe, ena masiku ano amathira mankhwala ophera tizilombo m'munda, ndipo nsomba zonse zimayandama. Ena amakokolola ndi maneti a udzudzu amene boma limagawa kuti titetezeke ku malungo. Adzakuitanani chifukwa akuyamba kukuonani ngati mnzawo, ndipo apa m'pamene pamavuta, chifukwa mwakhala miyezi mukufuna kuitanidwa.

Kanani. Ine pa ichi sindigonja. Lamulo la zausodzi la 1997 limaletsa kupha nsomba ndi poizoni, koma ngakhale lamulolo likanapanda kukhalapo, ndinaona ndi maso anga dziwe m'mawa wotsatira: tiana ta nsomba tating'ono ngati njere za mpunga titayera m'mphepete monse, nkhanu zitafa, achule atagadama, ndipo mamita ochepa kumunsi mtsikana akutunga madzi opita nawo kunyumba. Dziwe lotero limakhala chaka lisanabwerere mwakale. Neti ya udzudzu nayo siisiya kanthu, imakokolola ndi mazira omwe, ndipo usiku umenewo mwana amagona osafunda neti.

Koma kakanidwe kali ndi njira yake. Musalalikire pagulu, musajambule, musathamangire kupolisi tsiku lomwelo. Amene akuchita zimenezi ambiri si anthu oipa mtima. Ndi anthu amene nkhokwe yawo yatha msanga. Nenani mwachidule kuti, "Pepani achimwene, ine za mankhwala sindichita nawo, ndimaopa ana amene amamwa kumunsiku," ndipo nsomba zake musalandire ngakhale akupatseni. Kenako kambani ndi mkulu wanu uja muli awiri. Mudzapeza kuti eni miono ndi owedza ndi mbedza ndiwo amadana ndi katupe kuposa inu, chifukwa amawaphera usodzi wa chaka chonse. Iwowo ndiwo akaitengere nkhaniyo kwa anyakwawa, inu mukhale kumbuyo kwawo. Mawu a mlendo yekha amafera pabwalo, koma a mwini mudzi amafika. Kwathu kuno zinatheka motero: amfumu analetsa, ndipo wopezeka amalipa nkhuku kapena mbuzi.

Chachisanu ndi chinayi: mverani akakuuzani kuti tulukani m'madzi

Mitsinje ya kuno imachokera m'phiri lotsetsereka kwambiri. Kumene muliko kungakhale dzuwa lili phwee, koma kuphiri kukugwa mvula yamphamvu, ndipo madzi amafika mwadzidzidzi ngati khoma. Eni kuno amayang'ana kuphiri nthawi zonse. Mukaona mtambo wakuda wakuta nsonga, madzi ayamba kufiira, masamba ndi timitengo tayamba kuyandama, kapena mwamva mkokomo kumtunda, siyani zonse muthawire pamalo okwera. Musaime pa mwala wa pakati pa mtsinje nthawi ya dzinja. Akuluakulu akati Napolo, musaseke. Madzi ndi miyala zinatsika m'phiri ku Phalombe mu March 1991, ndipo mu March 2023 namondwe wa Freddy anakokolola midzi kuno, mitsinje ina n'kusintha njira. Munthu amene mwakhala naye padziweyo mwina anataya mwana kapena mayi m'madzi omwewo. Musafunse za masiku amenewo mwachibwanabwana. Akafuna adzakuuzani yekha, ndipo pamenepo ikani ndodo pansi mumvetsere.

Cha kumunsi kwa Ruo, kuyandikira ku Shire, kuli ng'ona. Funsani musanaime m'madzi kapena kutumbulira nsomba m'mphepete. M'madzi odekha muli likodzo, choncho mukaona magazi m'mikodzo pitani kuchipatala, mankhwala ake alipo. M'miyezi ya chiperoni, June ndi July, miyala imaterera ndipo nsomba sizidya kwenikweni. Anzanu akati tidikire kutenthe, dikirani nawo.

Chakhumi: kaonekeni kumene kulibe nsomba

M'mudzi mukagwa maliro, kumtsinje sikupitidwa. Munthu woonedwa ndi ndodo paphewa anzake akukumba manda wadzichotsa yekha pagulu. Pitani kusiwa, khalani ndi abambo anzanu, perekani chipepeso chanu kwa amfumu. Kukakhala ntchito yokonza mlatho wa mitengo umene madzi anakokolola, kapena yodzala mitengo ndi nsungwi m'mphepete mwa mtsinje, gwirani nawo khasu. Mkulu wanu akadwala, kamuoneni muli ndi kanthu m'manja.

Patatha chaka ndi miyezi, agogo aja anandigogodera kusanache. Tinayenda mtunda wautali kudutsa m'minda ya chinangwa, kenako tinatsika potsetsereka tikugwira mizu, mpaka pa kadziwe kobisika ndi mabango, pansi pa mkuyu. Anandiloza pokhala, anaponya gaga pang'ono, ndipo tinakhala chete mpaka dzuwa litatuluka kuseri kwa phiri. Pobwerera anandiuza kuti malowo anawaonetsa ndi amalume awo, ndipo pa anthu amoyo tikuwadziwa ndife atatu.

Akadzakuonetsani malo otere, musapiteko nokha ulendo woyamba ndi wachiwiri. Dikirani akuuzeni kuti mukhoza. Musapheko zambiri, musasiye chizindikiro panjira, ndipo mnzanu wa kuntchito akakuchondererani kuti mupite naye, muuzeni kuti muyamba mwakafunsa eni ake. Agogowo anatisiya zaka ziwiri zapitazo. Mdzukulu wawo wamkulu ndiye amatchera miono pamenepo tsopano, ndipo ndikafuna kupitako ndimadzera pakhomo pake madzulo a dzulo lake, n'kumuuza.